Ukandifulasha, Ndiimba

Chikamveka, Zomba
Lamulungu masana

Mwana wanga Tiyamike,

Ndakhala pakhonde kulemba kalatayi iwe ndi amayi ako mutapita kukatsanzika kwa azakhali ako. Chikwama chako chili pabalaza, chatupa moti zipi yakana kutseka. Mawa m'mamawa ukwera basi ya ku Mzuzu kukayamba sukulu ya unamwino, ndipo ndanyadira, zimenezo usakayike. Koma pali nkhani imene ndakhala ndikuimeza zaka khumi, ndipo sindingalole kuti uchoke pakhomo pano usanaimve. Sabata ino ndayesa kawiri kuti ndikuuze pakamwa, ndipo kawiri konse ndinathera kukufunsa ngati wagula sopo. Bambo ako ukuwadziwa. Ikakhala nkhani ya mitengo ya paini ndimalankhula mpaka anthu kuthawa, koma ikafika ya mumtima lilime limauma.

Poyamba ndimati ndiibise kalatayi pansi pa bulangeti m'chikwama, ukaipeze utafika. Amayi ako atamva anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Mutu wanu ukuyenda bwino, bambo a Tiyamike? Mukufuna mwana akaipeze m'basi, azikalira pa Jenda pakati pa anthu osamudziwa? Mumupatse lero, adakali pano, kuti ngati akufuna kutikalipira atikalipire pamaso." Amayi ako akatero ndiye kuti mlandu watha. Choncho uiwerenga lero lomwe, ine ndili pafupi.

Nkhani yake ndi iyi. Achimwene ako Yohane sanamwalire ndi malungo. Tinakunamiza uli Sitandade 4, ndipo bodzalo talisunga mpaka lero. Yohane anadzipha. Chimwalirireni mawu amenewa sindinawatchulepo pamaso pa iwe. Mwina unamva kale kwa anzako kumpopi kapena kusukulu, n'kungosunga wekha poopa kutipweteka. Ngati ndi choncho, ndiye kuti tinakusenzetsa katundu wa akuluakulu uli mwana, ndipo ndikupepesa. Sindikukuuza zimenezi kuti ndikuwonongere ulendo. Ndikukuuza chifukwa ndinataya mwana mmodzi ndili maso, ndipo sindikufuna kutaya wachiwiri. Ndikuuza pamene ndinalakwa, iwe utolepo zako.

Ndiyambire kutali. Yohane ali ndi zaka khumi, pa holide, ndinamutenga kuphiri kuti akandithandize kutsitsa nkhuni. Masamba a paini akauma amaterera, ukudziwa. Anaterereka ndi mtolo wake, bondo n'kung'ambika, magazi chuu, iye n'kuyamba kulira. Ine m'malo momudzutsa ndinamuimirira pamutu. Ndinati, "Tonthola! Mwamuna salira. Ukufuna atsikana ogulitsa mapichesi pamsewupo akuseke?" Anandiyang'ana, n'kumeza kulirako, n'kusenzanso mtolo wake. Kuyambira tsiku limenelo sindinamuonenso akulira, ngakhale pamaliro a agogo ake amene ankamukonda kwambiri. Ndipo ine, chitsiru ine, ndinkanyadira n'kumauza anthu kuti ndabala mwamuna weniweni. Sindinkadziwa kuti chimene ndamuphunzitsa ndi kubisa bala, osati kupola. Iwe Tiyamike, ukamva kupweteka uzilira, ndipo uzilira pamene pali munthu wokumva. Wina akadzakuuza kuti namwino salira, udzamuuze kuti bambo ako anayesapo nzeru imeneyo ndipo inawadyera mwana.

Atasankhidwa kupita ku yunivesite kuno kwathu, ndinalakwanso kachiwiri, ndipo ulendo uno ndinalakwa ndikumwetulira. Mu mtundu wathu wonse, kuyambira agogo anga amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, panalibe amene anafikapo pamenepo. Ndinasiya kumutchula Yohane, ndinayamba kumutchula Pulofesa. Kuntchito, kutchalitchi, kumsika, ngakhale munthu wongondifunsa njira ya kudamu ankamva za Pulofesa wanga. Iye akabwera kunyumba ndinkamugwira paphewa n'kumati, "Banja lonseli tikuyang'ana iwe." Mwambi woti mutu umodzi susenza denga ndinkaudziwa, ndinkauuzanso anzanga tikamanyamula matabwa, koma denga lonse la nyumba ino ndinaika pamutu pa mnyamata wa zaka makumi awiri.

Chaka chachiwiri zinthu zinamuvuta. Analephera mayeso, anamuwida, ndiye kuti kumuchotsa sukulu, ndipo sanauze munthu aliyense pakhomo pano. Tinadzamva pambuyo pake kwa mnzake amene ankakhala naye chipinda chimodzi ku Chikanda. Miyezi itatu yathunthu ankadzuka m'mawa, kusamba, kutenga chikwama cha mabuku ngati akupita kukalasi, n'kukakhala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi mpaka dzuwa kupendeka. Kuchoka ku Chikanda kufika kuno sipatha ola limodzi wapansi. Koma akanabwera bwanji? Akanalowa bwanji pakhomo pamene palibenso Yohane, pali Pulofesa yekha? Chitseko ndinali nditachitseka ndi pakamwa panga. Ndiye tamvera, mwana wanga. Ukakalephera mayeso, ubwere kunyumba. Akakakuchotsa sukulu, ubwere kunyumba. Ukakatenga mimba, mnyamata n'kukukana, ubwere kunyumba. Ndidzakwiya mwina, pakuti mtima wanga ukuudziwa, koma ndidzakwiya ndikukuphikira tiyi. Ine sindikutumiza namwino ku Mzuzu, ndikutumiza Tiyamike, ndipo amene ndikumufuna kuti abwerere ndi Tiyamike, ndi pepala kapena wopanda pepala.

Zizindikiro zinalipo, ndipo pamenepa ndi pamene pamandiwawa. Anaonda, kolala ya malaya n'kumamugwera. Anasiya mpira, anasiya kwaya, ndipo akabwera kuno ankangokhala kuseri kwa nyumba kuyang'ana phiri. Inali nthawi ija ya mowa wa m'masacheti, ndipo tsiku lina ndinamumva fungo la mowa masanasana. Sindinamufunse chimene chikumudya. Ndinamukalipira kuti akuchititsa manyazi dzina langa, anthu oyandikana nafe akumva. Tsiku linanso tikudya anauza amayi ako chapansipansi kuti, "Amayi, ine ndikungokutherani chakudya." Ine ndinaseka, ndinati, "Idya, Pulofesa, mawa udzatidyetsa ndiwe." Ndinkaganiza kuti ndikumulimbikitsa, chonsecho ndikumuwonjezera mwala pamtolo. Munthu akayamba kunena kuti ndi mtolo kwa anzake, kuti kulibwino kulibe iye, si nthabwala imeneyo, Tiyamike, ndipo sayankhidwa ndi nthabwala.

Loweruka lomaliza anabwera ali wodekha, nkhope yowala ngati kale. Anakonza chitseko cha kukhitchini chimene chinkavuta chaka chonse. Nsapato zake zampira anapatsa msuweni wake. Iwe anakupatsa dikishonale yake yachikuto chofiira ija, ndipo unavina pabwalo ndi chimwemwe. Madzulo ndinauza amayi ako kuti, "Mwana uja tsopano wakhwima." Sindinkadziwa kuti munthu amene wakhala mumdima nthawi yaitali akadekha mwadzidzidzi n'kuyamba kugawa zinthu zake, nthawi zina amakhala akutsanzika. Dikishonale imeneyo ndaiona m'chikwama chako lero, pamwamba pa mayunifolomu.

Chinanso chimene ndimachita nacho manyazi ndi nthabwala zanga. Chipatala cha matenda a maganizo chili m'tauni yathu yomwe ino, anthu amachokera kutali kwambiri kudzafuna thandizo kumeneko. Koma ine tikamadutsa pafupi ndi mpanda wake ndinkamugwira Yohane pakhosi n'kumati, "Ukapitiriza kuwerenga kwambiri tikusiya kuno ku mento." Tinkaseka tonse. Ndiye uganize, tsiku limene maganizo anamulemera, akanayenda bwanji kukagogoda pakhomo limene bambo ake analisandutsa choseketsa? Thandizo linali pamphuno pake, koma ine ndinali nditalipaka manyazi.

Tsopano ndifike pa tsiku lenilenilo. Kunali Lachiwiri, nyengo yachisanu, chiperoni chitaphimba phiri. Gulu lathu la zankhalango linali kulambula msewu wotchinga moto kumtunda kwa damu. Masana titakhala pansi kuti tidye, foni inalira m'thumba la ovolosi kamodzi n'kuduka. Ndinayang'ana: Yohane. Ukudziwa mmene timachitira, wopanda mayunitsi amafulasha, wamkulu n'kumuimbira. Koma ine ndinali nditaika lamulo langa pakhomo pano loti mwana wa ku yunivesite safulasha munthu wa chikwanje. Ndinabweza foni m'thumba. Patapita kanthawi inaliranso n'kuduka. Kenako kachitatu. Che Saidi, mnzanga uja wa ku Malosa amene umamudziwa, anali atakhala pafupi nane akudya chinangwa. Anati, "Achimwene, muimbireni mwanayo. Katatu konse si chabe ayi." Ine ndinati, "Aaa, Che Saidi, ana a masiku anowa mukuwadziwa inu? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akafuna aimba yekha." Mayunitsi ndinali nawo, mwana wanga. Netiweki inalipo. Ndinkati ndimuimbira ndikaweruka, ayambe waphunzira ulemu. Nditaweruka, ndisanafike n'komwe pamsewu wa tala, foni inalira osaduka, ndipo amene ankaimba anali mnzake wa ku Chikanda uja.

Mwambi umene ndinamuyankha nawo Che Saidi uja ndi woona pa matenda a m'mimba. Pa matenda awa ndi wabodza. Munthu amene maganizo amupanikiza mphamvu yotsekula chitseko amakhala alibe. Chimene angathe mwina ndi kukanda pachitseko pang'ono chabe, ndipo Yohane anakanda katatu.

Maliro ake anali ozizira. Kwaya imene iye ankaimbamo sinaimbe, mwambo unali waufupi, anthu ankalankhula monong'ona. Amalume ako ena anati anamulodza anzake a kusukulu chifukwa cha nsanje, ankafuna tipite kwa sing'anga. Ena anati ndi tsoka la kumtundu. Ine ndi amayi ako tinagwirizana kuti iwe tikuuze za malungo, ndipo dzina la Yohane tinalichotsa pakamwa. Anthu nawonso, pofuna kundichitira chifundo, anasiya kunditchula bambo a Yohane, onse anayamba kunena kuti bambo a Tiyamike. Dzina lako ndimalikonda, usandimve molakwa. Koma zinali ngati mwana wanga wamwalira kawiri.

Chimene ndikuuze tsopano amachidziwa ndi amayi ako ndi Che Saidi basi. Patatha miyezi ingapo, maganizo omwe aja anandifikira ine. Tulo tinatha, chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Kuntchito ndinkadzipatula, anzanga akalowera uku ine ndinkalowera uko. M'mutu munkangolira foni ija, kamodzi, kawiri, katatu. Ndinayamba kuganiza kuti bambo wotere alibe ntchito, kuti iwe ndi amayi ako mungapepukidwe nditachoka. Maganizo amenewa ndi akathyali, Tiyamike. Sabwera ndi nyanga. Amabwera ngati nzeru, amalankhula ndi mawu ako omwe, ndipo amakuuza kuti usauze munthu.

Che Saidi anaona. Masiku angapo ankangonditsatira patali, akunamizira kufuna nthambi zouma. Tsiku lina anandipeza nditakhala pa chipika pafupi ndi damu, chikwanje chili pansi. Anakhala pambali panga osapempha malo, anatulutsa chinangwa, anabenthula pakati n'kundipatsa. Kenako anati, "Bambo a Yohane." Ndi iye yekha amene sanasiye kunditchula choncho. Anati, "Ndikufunsani funso, ndipo musandinamize, ine ndi mkulu mnzanu. Kodi mukuganiza zodzipha?" Ndinapsa mtima. Ndinati, "Mukunditenga ngati ndani inu?" Iye sanasunthe, anangoti, "Ndikukutengani ngati mnzanga. Ndiyankheni." Kenako ndinati, "Eee." Ndipo ndinalira, ine amene ndinkati mwamuna salira, ndinalira mpaka mamina, Che Saidi atandigwira mkono. Anthu amaopa kuti ukamufunsa munthu funso limeneli ndiye kuti wamupatsa maganizowo. Ndi bodza. Ine maganizowo ndinali nawo kale, funso lija linangowatulutsa panja pomwe tikanatha kuwaona awiri.

Atatero Che Saidi anaimirira nati m'Chiyao, "Kwende, tiyeni." Sanandisiye ndekha ngakhale pang'ono. Tinatsika limodzi mpaka kuno, anakhala pansi ndi amayi ako n'kuwauza zonse ine ndili pomwepo. Tsiku lomwelo awiriwo anachotsa m'nyumba muno chilichonse chimene ndikanadzipweteka nacho, Che Saidi n'kukasunga kwawo. M'mawa mwake anandiperekeza ku chipatala chomwe chija ndinkachiseka. Ndinalowa chipewa nditachitsitsa mpaka pamphuno, kuopa kuti wina wa kutchalitchi andiona. Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire wosathamanga polankhula. Sanandiseke, sanandilalikire, sanandimange unyolo monga ndinkaganizira. Anandifunsa mafunso n'kumamvetsera. Ndinapitako miyezi yambiri, kukacheza naye ndi kukalandira mankhwala, ndipo pang'ono ndi pang'ono tulo tinabwerera. Nditamuuza za foni ija anati, "Bambo, foni imodzi siipha munthu. Zinthu zimaunjikana, manyazi, kusowa tulo, mowa, kudziona wekha, matenda a maganizo amene sanaonedwe. Musadzisenzetse mlandu wonse." Ndinamumva, ndipo ndikudziwa kuti ankanena zoona. Komabe mpaka lero sindigona foni ilibe mayunitsi.

Namwinoyo anandiuzanso kuti maganizo amenewa amabwera ngati mkuntho, amafika pachimake kenako amatsika, ndipo ntchito yaikulu ndi kuti munthu asakhale yekha pa nthawi imeneyo. Ndinaona ndekha kuti ndi zoona. Tsiku limene ndinkaona ngati sindifika madzulo, madzulo ankafika, iwe n'kubwera ndi kope lako la masamu kuti ndikuthandize, ine masamuwo osawadziwa n'komwe. Che Saidi anapempha kapitawo kuti tizigwira gulu limodzi, ndipo Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti ankadutsira pano kudzamwa tiyi, ngakhale njira ya kwawo si imeneyi. Amayi ako ankandikakamiza kudya pamodzi ndi inu, osati kuchipinda. Ndinabwerera kukwaya ngakhale mawu anga ndi achule. Palibe chachikulu pa zinthu zimenezi, koma ndi zimene zinandigwira. Ndikanachoka nthawi ija, sindikanaona tsiku la mawali.

Mwina ukufunsa kuti bwanji ndikuulula lero. Ndi chifukwa cha chaka chatha. Mayina a osankhidwa atatuluka lako palibe, unadzitsekera kuchipinda milungu itatu. Unasiya kwaya, anzako akabwera unkati tiwauze kuti wachoka. Ndipo tsiku lina ndili kuseri ndikunola nkhwangwa ndinakumva ukuuza amayi ako kukhitchini kuti, "Amayi, ine ndikungokutherani chakudya." Mawu omwe aja, mwana wanga, osasintha ngakhale limodzi. Ndinabwera mpaka pachitseko chako, ndinaima, ndinagogoda, ndipo utayankha ndinakufunsa ngati ukufuna tiyi. Ine amene ndinapulumuka chifukwa mnzanga analimba mtima kundifunsa, ndinalephera kufunsa mwana wanga. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma tsiku limenelo ndinali wamantha chabe. Mwamwayi azakhali ako anakutenga kukawathandiza kuokala kwawo, unayambanso kuseka, ndipo chaka chino dzina lako latuluka. Koma funso lija ndikadali nalo, ndipo ndikufunsa tsopano monga anandifunsira Che Saidi. Tiyamike, kodi nthawi ija unaganizapo zodzipha? Nanga masiku ano maganizo amenewo amakufikira? Yankho lililonse ndilandira. Sindikomoka, sindikukalipira, ndipo sindikuletsa ulendo mwachinyengo. Tikhala pansi ndi amayi ako, tione chochita limodzi.

Namwino uja anandichenjeza kuti banja limene lataya munthu mwanjira imeneyi liyenera kudziyang'anira kwambiri. Si temberero, si ufiti, ndipo sizitanthauza kuti iwenso udzatero. Zili ngati banja la matenda a shuga, limangoyenera kudziwa n'kumasamala. Kumene ukupitako kuli zinthu zimene zimalemetsa mtima. Ukakhala kutali ndi kwanu koyamba, anthu akuyankhula Chitumbuka iwe osamva. Kuli mayeso. Kuwodi ukaona anthu akumwalira m'manja mwako, ena ana aang'ono, ndipo ukagwira ntchito maola osagona. Kuli anyamata a pakamwa pokoma amene amalonjeza kumwamba n'kukusiya pamsewu. Chimodzi mwa izi munthu amapirira. Zikakumana zitatu kapena zinayi, iwe n'kukhala chete, pamenepo ndi poopsa.

Ntchito yanga ya zaka makumi atatu inandiphunzitsa chinthu chimodzi. Msewu wotchinga moto timalambula nthawi yachisanu, udzu udakali wauwisi, anthu odutsa n'kumatiseka kuti tikulimbana ndi moto umene kulibe. Ukadikira kuti uone utsi, wachedwa. Iwenso ukalambule wako ukangofika, mtima udakali m'malo. Milungu yoyambirira ukapeze anthu awiri kapena atatu amene ungawauze zoona, osati ongojambulitsa nawo zithunzi. Mmodzi akhale wamkulu, kaya mphunzitsi, kaya mayi wa kutchalitchi. Ukafunse kuti mlangizi wa ophunzira amakhala ofesi iti, ukamupatse moni usanamufune, kuti tsiku lomufuna miyendo idzadziwe njira. Ukalowe kwaya, mawu ako si a bambo ako, ndi abwino. Usamadye wekha kuchipinda. Tulo usamatisewere, ndipo ukaona kuti sabata yatha usakugona bwino, kapena zimene unkazikonda zasanduka zosakoma, upite kuchipatala monga ungapitire utamva malungo. Mowa sindikuuza zambiri, ndiwe wamkulu. Koma usadzamwe chifukwa choti mtima ukuwawa, poti umagonetsa chisoni madzulo n'kuchidzutsa m'mawa chitanenepa, ndipo umachotsa mantha amene amamuteteza munthu.

Upemphere, inde, ine ndimapemphera. Koma wina asadzakuuze kuti maganizo otere ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, kapena kuti kupita kuchipatala ndi kukayika Mulungu. Ine Mulungu anandiyankha kudzera mwa Msilamu wonyamula chinangwa ndi namwino wa boma.

Ndipo poti ukukaphunzira kusamala anthu, ukakhalenso Che Saidi wa wina. Ukaona mnzako wasintha, wasiya kudya, akudzipatula, akugawa zinthu zake, akunena kuti watopa ndi moyo, usaseke ndipo usamulalikire. Khala naye pansi, umufunse mosazungulira. Akavomera, usamusiye yekha, uchotse zimene angadzipweteke nazo, umuperekeze kwa odziwa. Akakuuza kuti ulumbire kuti suuza munthu, chinsinsi chimenecho usasunge. Kulibwino akudane ali moyo. Mnzake wa Yohane uja anasunga chinsinsi miyezi itatu chifukwa chomukonda, ndipo mpaka lero akandiona mumsika amawoloka msewu, ngakhale ndinamuuza kale kuti sindimuimba mlandu.

Tsopano lamulo langa latsopano, lolowa m'malo mwa lopusa lija. Ukandifulasha, ndiimba. Sufunika kukhala ndi chifukwa, sufunika kukonzekera mawu. Kaya ndili kumunda, kaya ndili pakati pa nyimbo kutchalitchi, ndituluka ndiimba. Ukadzalephera kulankhula, udzangoti, "Bambo, lero kwalemera," ine ndidzamva, ndipo tidzakhala pafoni mpaka upite kukagogoda kwa mnzako. Kukafunika kuti ndibwere, ndidzakwera basi ndi ovolosi yomweyi. Amayi ako amandiseka kuti foni yanga imadya bwino kuposa mwini wake, poti batire silitsika ndipo mayunitsi satha. Asekeni, chifukwa chake akuchidziwa. Ndipo tsiku lina ukadzafulasha ine osaimba, usadzaganize kuti ndakukana, kapena kuti ndi chizindikiro cha chilichonse. Idzakhala netiweki ya kuphiri kuno basi. Udzafulashe amayi ako, azakhali ako, Che Saidi, ndipo usadzadikire uli wekha, udzatuluke upite pali anthu. Manambala onse ndawalemba mkati mwa chikuto cha dikishonale ija, pansi pa dzina la achimwene ako. Pepa polemba m'buku lako osapempha.

Za Yohane, kuyambira lero uli ndi ufulu wondifunsa chilichonse, ndipo dzina lake tizilitchula m'nyumba muno. Sanali wofooka, sanali woipa. Anali mnyamata woseka kwambiri amene ankakuika pakhosi popita kukaona mathithi, anadwala matenda amene bambo ake sankawadziwa. Ukadzabwera pa holide tidzapite limodzi kumanda, tikamuimbire nyimbo imene kwaya sinamuimbire.

Ndikumva mawu a amayi ako kumsewu, ndiye kuti mwafika. Ndikupatsa kalatayi m'manja, ukawerengere kuchipinda kwako. Ukamaliza, ngati ukufuna kundikalipira, tuluka undikalipire, ndiyenera. Ngati ukufuna kulira, tilira tonse. Koma ngati miyendo yalemera ndipo pakamwa pakana, monga pamakanira panga, usavutike kutsekula chitseko. Ndili pakhonde pomwe pano, foni ili m'manja. Ungondifulasha kamodzi.

Ndine bambo ako,
bambo a Yohane ndi Tiyamike